CLEMENTS KADALIE, MWANA WA KU BANDAWE

Powerenga maina a ana amene anaturuka m'sukulu za Misyoni, tifika pa dzina limodzi limene akulu ena salichula mokondwa, koma ife sitingathe kulilumpha. Dzinalo ndi Clements Kadalie.

Iye anabadwa caka ca 1896 pa mudzi wa Chifira, pafupi ndi Bandawe, pamene Dotolo Laws anamanga Misyoni caka ca 1881. Anali Mtonga wa banja laufumu, mdzukulu wa mfumu Chiweyu. Anaphunzira ku Livingstonia, natsiriza maphunziro a uphunzitsi asanakwane zaka makumi awiri. Koma coko sanacigwire nthawi yaitali. Monga anyamata ambiri a masiku aja, anauyamba ulendo wa kumwera, nakhala kalaliki pa migodi ya ku Southern Rhodesia, nafika ku Cape Town caka ca 1918.

Kumeneko anaona abale ace akusenza akatundu pa doko tsiku lonse, nalandira ndalama yosakwanira kudya. Mu January 1919 anayambitsa cigwirizano ca anchito cochedwa I.C.U., ndi anthu 24 okha. Ndipo mu December caka comweco anchito a pa doko anakana nchito, zombo zinangoima. Boma linafuna kumpitikitsa m'dzikomo, koma lamulolo linafafanizidwa. Pofika 1927 mamembala anali ngati 100,000, ambiri a iwo anthu a m'mafamu, ndipo mphunzitsi wa kwathu uja anaoloka nyanja kukanena madandaulo ao ku Geneva ndi ku London. Lilime lomwe analinola m'kalasi ya Misyoni ndilo linanjenjemeretsa eni mafamu. Ici ife aphunzitsi ticiganizira ndi kunyada, ndi mantha omwe.

Sitibisa zofoka zace. Ndalama za cigwirizano sizinasungike bwino, atsogoleri anakangana, ndipo iye mwini anali munthu wosafuna kupambanidwa. Caka ca 1929 anapatukana ndi anzace, nakakhala ku East London, kumene anamangidwa caka ca 1930 cifukwa ca kukana nchito kwa anthu a mumzindawo. Anamwalira komweko pa 28 November 1951. Buku la moyo wace, limene analemba yekha, linasindikizidwa caka ca 1970, ndipo zambiri tazilemba panozi zipezeka m'menemo.

Za banja lace nazo nzoyenera kuzidziwa. Mwana wace Fenner sanatsate njira ya misonkhano ya atate wace, koma anakhala mbusa, nalalikira pakati pa osauka a ku District Six mu Cape Town, kufikira boma la tsankho linagumula nyumba zao. Mwana wa mbusayo, Rhoda Kadalie, anasankhidwa m'masiku a Nelson Mandela kukhala m'bungwe loona za ufulu wa anthu, ndipo pakamwa pace panali posaopa munthu monga pa agogo ace. Iye anamwalira caka ca 2022.