BAMBO JOSEPH MOREAU, MPHUNZITSI WA PULAWO

Ku Palabana, m'boma la Chongwe, alimi ambiri anaphunzirako kulima ndi ng'ombe m'zaka za m'ma 1990, ndipo cipangizo cina cong'ambira nthaka youma cinapatsidwa dzina la malowo. Koma nchito imeneyi siinayambire pamenepo ai. Mmodzi wa anthu oyamba kuiphunzitsa m'dziko lathu anali wansembe wa Cikatolika, Bambo Joseph Moreau.

Iye anabadwira ku France m'caka ca 1864. Atakula analowa m'gulu la Ayezuiti, nadza ku Africa. Mu 1902 anaoloka Zambezi kudzaona dziko la Atonga, nakomana ndi Mfumu Monze. Pobwerera kumwera anatenga anyamata anai Acitonga kuti akaphunzire, ndipo mu 1905 anadza nao, namanga misoni ya Chikuni. Mnzake wa paulendo, Bambo Jules Torrend, ndiye anapitirira kudzayamba Kasisi, kuno ku Chongwe.

Masiku amenewo Atonga anali pa mabvuto. Nkhondo za Amatebele ndi Alozi zinawalanda ng'ombe, ndipo mliri wa 1896 unapha zina zambiri. Anthu anali kulima ndi khasu lokha. Inu amene munapalirapo mudziwa kuti khasu lithyola msana munda ukali waung'ono, ndipo nkhokwe ya munda wotere imatha cimanga cisanace.

Tsono Bambo Moreau anayamba ndi munda. Anagwira yekha pulawo, anthu alikupenya. Musayese kuti ndi nchito yapafupi. Ng'ombe yosazolowera imakana goli, imathawa mumzere, mwina imangogona pansi osafuna kudzuka. Iyenera kuyamba yazolowera cingwe, kenaka kukoka cipika, ndipo pambuyo pake pulawo. Wophunzitsa akakhala waukali, ng'ombe iopa munthu masiku ake onse. Anyamata ogwira nchito pamisoni anaphunzira zonsezi ndi manja ao, ndipo pobwerera kwao anaonetsa abale ao. Munthu amene anali kuwerengera ng'ombe monga cuma ca m'khola anaona kuti ziwiri zokha zitha kutembenuza tsiku limodzi nthaka imene banja lonse likadalima masiku ambiri.

Njanji nayo inathandiza. Inapita pafupi ndi Chikuni, nifika ku Broken Hill, kumene tsopano ndi Kabwe, mu 1906. Cimanga cinapeza msika, ndipo mlimi akagulitsa matumba ake anali kugula pulawo yakeyake. Pang'onopang'ono dziko la Atonga linachuka ndi cimanga.

Ena anamdandaula kuti sanasamale kwambiri maphunziro apamwamba a m'mabuku, ndipo ine ndiyesa kuti pamenepo ananena zoona, pakuti mtima wake unali kumunda. Anamwalira mu 1949 ali nkhalamba, caka comwe sukulu yaikulu ya Canisius inatsegulidwa pa Chikuni.