MBIRI YA DONALD KACHAMBA, KATSWIRI WA CITOLIRO NDI CLARINET

Anthu ambiri m'dziko muno akamva dzina la Kachamba amakumbukira Daniel, mwini gitala uja amene nyimbo zace zinkamveka kawirikawiri pa wailesi. Koma Daniel anali ndi mng'ono wace, dzina lace Donald, amene mbiri yace inamveka kwambiri ku maiko akutali koposa m'mene inamvekera kwathu kuno. Ameneyu ndiye ndifuna kukuuzani za moyo wace, anzanga owerenga, pakuti iye ndi mmodzi wa Amalawi owerengeka amene anaimba nyimbo za jazi pa citoliro ndi pa clarinet pamaso pa anthu a mitundu ina.

Poyamba ndiyenera kufotokoza cimene cichedwa clarinet, cifukwa pano pa Tengani si ambiri amene anaiona ndi maso. Clarinet ndi citoliro cakuda, cotalika pafupifupi ngati mkono wonse wa munthu wamkulu, cokhala ndi zibowo ndi tizitsulo tambiri totsekera zibowozo, ndipo kunsi kwace ndi kotambasuka ngati belu. Ca kukamwa amamangirirako kabango kopyapyala. Woimba akauzira mpweya kabangoko kamanjenjemera, ndipo mau amatuluka. Inapangidwa koyamba ku Nuremberg m'dziko la Germany ca m'ma 1700. Cimene cingatidabwitse ife a m'cigwa ca Shire ndi ici, kuti clarinet yabwino amaisema ndi mtengo wa phingo, womwe uja umamera m'thengo la malo otentha, umene osema ziboliboli amaukonda. Mitengo yambiri ya phingo imacokera ku Mozambique ndi ku Tanzania nkupita ku Ulaya pa zombo, ndipo ikabwerera kuno yasanduka cinthu ca mtengo wapatali coti mmphawi sangagule.

Nyimbo za jazi zinayamba pakati pa anthu akuda a ku New Orleans m'dziko la America, zidzukulu za akapolo amene anatengedwa kuno ku Africa. M'magulu oyamba aja lipenga ndilo linkatsogolera nyimbo, ndipo clarinet inkayenda pamwamba pace, kukwera ndi kutsika, kudzaza mipata imene lipenga lasiya. Akatswiri a nchito imeneyi anali monga Johnny Dodds, amene anaimba ndi Louis Armstrong, ndi Sidney Bechet amene anamwalira ku France m'caka ca 1959. M'zaka za m'ma 1930 kunabwera magulu akuluakulu a nyimbo zovina zochedwa swing, ndipo clarinet inakhala ngati mfumu m'manja mwa Benny Goodman ndi Artie Shaw. M'caka ca 1938 Goodman anaimba m'nyumba yochuka ya Carnegie Hall ku New York, ali pamodzi ndi oimba akuda monga Teddy Wilson ndi Lionel Hampton, nthawi imene tsankho linali lolimba m'dziko lija.

Mbale za galamafoni ndi makanema a anthu amenewa zinafika ku Johannesburg. Mnyamata wina kumeneko, Kippie Moeketsi, anapeza mwai wa clarinet yeniyeni, nakhala woimba jazi wamkulu wa ku South Africa. Koma anyamata ambiri a m'makomboni analibe ndalama zotero. Cimene anakhoza kugula cinali kacitoliro kacitsulo ka zibowo zisanu ndi cimodzi, kochipa, kamene Azungu ankakayesa coseweretsa ana. Tsono pa kacitoliro kameneko anyamata aja anayamba kutsanzira zimene anamva clarinet ndi saxophone zikucita pa galamafoni, ndipo panabadwa nyimbo zatsopano zimene zinachedwa kwela. Dzinali silitivuta ife, pakuti ndi mau athu omwe aja akuti kwera; ndipo galimoto ya apolisi imene inkanyamula anthu m'miseu ya ku Joni ankaicha kwela-kwela. Spokes Mashiyane ndi Lemmy Mabaso ndiwo anachuka koposa, ndipo m'caka ca 1958 nyimbo ya kwela yochedwa Tom Hark inagulidwa kwambiri ngakhale ku England.

Nanga nyimbo zimenezi zinafika bwanji ku Nyasaland? Zinabwera ndi makolo athu amene ankapita kukagwira nchito ku Joni ndi ku Harare. Masiku amenewo sitima yocokera ku Limbe inkadutsa pa Chiromo, pano pa Tengani, ndi pa Port Herald imene tsopano ndi Nsanje, nkuoloka Zambezi pa mlatho wa Dona Ana, ndipo amuna ambiri anapita ku Rhodesia pa njira imeneyo. Pobwera ankanyamula njinga, majekete, magalamafoni ndi mbale zace. Banja la a Kachamba nalonso linapita ku ulendo wotere. Bambo wao, a James Kachamba, anali odziwa kuimba gitala, ndipo m'caka ca 1957 anasamuka ndi banja lao kupita ku Salisbury, mzinda umene lero uchedwa Harare. Daniel, amene anabadwa m'caka ca 1947, anali kale mnyamata wozindikira. Donald anali mwana wamng'ono, wobadwa m'zaka za m'ma 1950 zomwezo. Ku Salisbury kwela inali ponseponse, m'miseu, m'mabawa ndi pa wailesi, kotero kuti anawa anaimva asanadziwe kuti tsiku lina idzakhala nchito yao.

Atabwerera kwao kuciyambi kwa zaka za m'ma 1960, anakhala m'mudzi wa Singano pafupi ndi bwalo la ndege la Chileka. Daniel anayambitsa gulu la oimba, ndipo mng'ono wace, adakali wamng'ono ndithu, anapatsidwa citoliro. Zipangizo zao zinali zosavuta kupeza: gitala amene anamcotsa nsambo imodzi nkutsala zisanu, masece, ndi besi ya cingwe cimodzi yopangidwa ndi bokosi ndi ndodo, yonga ija ambiri amaicha babatoni. Ankaimba m'miseu ya Blantyre ndi pa malo a mowa, anthu nkumawaponyera makobiri. Nyimbo zao ankazicha maina monga sinjonjo, twist, lumba ndi double step, koma iwo eni ankadziwa kuti muzu wace ndi jazi.

Apa ndiyenera kukhalitsa pang'ono, cifukwa luso la Donald linali m'kagwiridwe ka citoliro. Mwana wa Mzungu akamaimba kacitoliro kaja amakagwira molunjika, nsonga yace ili pa milomo cabe, ndipo mau ace amatuluka aang'ono ndi opyapyala ngati a mbalame. Oimba kwela sankatero iai. Ankapendeketsa mutu, nkulowetsa citoliro mkati mwa kamwa campendeko, mpaka nsonga yace kukhudza mkati mwa tsaya. Potero kamwa lonse limasanduka ngati cikho ca pansi pa valimba, cimene cimakuza mau ndi kuwanenepetsa, ndipo kacitoliro kochipa kaja kamalira mau odzaza oti nkumveka patali pakati pa phokoso la msika. Ndiponso ankatseka cibowo theka lokha ndi cala, kapena kutsetsereza cala pang'onopang'ono, kuti apeze mau apakati aja amene opanga citoliro sanawaikemo, mau odandaula amene ali mtima wa jazi. Zonsezi ndizo zimene clarinet imacita m'manja mwa katswiri. Kunena zoona, Donald anayamba kuimba clarinet asanaigwire, pakuti mau amene ankawafunafuna pa citoliro cace anali a clarinet.

M'caka ca 1967 kunafika m'dziko muno Mzungu wa ku Vienna m'dziko la Austria, dzina lace Gerhard Kubik, amene ankayenda m'maiko a Africa kujambula ndi kuphunzira nyimbo za anthu. Iyeyu pa unyamata wace anali woimba clarinet m'gulu la jazi, ndipo gulu lace linapambana pa mpikisano wa jazi ku Vienna m'caka ca 1959. Tsono munthu wotereyu atamva ana a Kachamba akuimba mu Blantyre, makutu ace anazindikira msanga cimene anthu odutsa m'njira sankacidziwa, kuti kamnyamata ka citoliro kaja kakulankhula cinenero comwe cija ca Goodman ndi anzace, koma m'kamwa mwa Cinyanja. Anawajambula, napalana nao ubwenzi umene sunathe kufikira imfa ya abale awiriwo. Pambuyo pace analemba buku lonena za gulu lao, limene linasindikizidwa m'Cingelezi m'caka ca 1974.

Cofunika kudziwa ndi cakuti nthawi imeneyo kwela inali itayamba kale kufa kwao kumene inabadwira. Makampani a mbale ku Johannesburg anaona kuti ndalama zili mu saxophone ndi magitala amagetsi, ndipo Spokes Mashiyane yemwe anasiya citoliro natenga saxophone. Kwathu kuno nakonso acinyamata anatembenukira ku nyimbo za ku Congo ndi zina zatsopano. Munthu wofuna kuchuka msanga akadataya kacitoliro kaja. Donald sanakataye. Ena angati kumeneku kunali kutsalira. Ine ndiona kuti kunali kulimba mtima, pakuti si capafupi mnyamata kuumirira cinthu cimene anzace onse akuti catha nchito.

M'caka ca 1972 abale awiriwa anapita ku Ulaya koyamba. Kuyambira pamenepo Donald anayenda maulendo ambiri pamodzi ndi Kubik, ndipo pambuyo pace anawonjezekapo Moya Aliya Malamusi wa ku Singano komweko. Anaimba m'maiko oposa 30 a ku Africa, ku Ulaya ndi ku South America monga Brazil, kawirikawiri m'masukulu apamwamba ndi m'nyumba za cikhalidwe, kumene ankaimba ndi kufotokoza m'mene nyimbozo zimayendera. M'gulu limeneli mwini wace anali Donald, ndipo Mzungu wophunzira uja anali woimba wamba womvera mtsogoleri wace. Nthawi zina Donald ankatsogolera ndi citoliro, Kubik nkumayankha ndi clarinet, monga amacitira wotsogolera nyimbo ndi ovomereza pa mtondo. Motero zipangizo ziwiri zija, ceniceni ndi cotsanzira cace, zinakumana pa bwalo limodzi. Ndipo pokhala pafupi ndi clarinet masiku onse, Donald anaitenga naiphunzira, osati ku sukulu ya nyimbo koma ndi makutu, monga anaphunzirira citoliro, gitala ndi besi.

Popeza ankadziwa zipangizo zonse za gulu, anacita cinthu cina cocenjera ali kwao ku Chileka m'zaka za m'ma 1970. Ankatenga makina awiri ojambulira mau. Pa oyamba ankajambula cipangizo cimodzi. Kenaka nkuliza zimene wajambulazo, iye nkumaimba cipangizo caciwiri, makina enawo akujambula zonse pamodzi. Nabwereza comweco mpaka nyimbo itakwanira. Womvera angaganize kuti ndi anthu anai kapena asanu, pamene ndi munthu mmodzi yekha m'nyumba ya kumudzi. Nchito yotere makampani akulu ankaicita ndi makina a ndalama zambiri. Kubik analemba nkhani yapadera yofotokoza za kajambulidwe kameneka.

Donald sanali woimba cabe. Anathandizanso pa nchito yofufuza ndi kujambula nyimbo za makolo m'midzi, ndipo dzina lace lili pa buku lonena za nyimbo za Malawi limene linasindikizidwa ku Zomba ndi University ya Malawi m'caka ca 1987. Caka comweco, pa 25 July, mkulu wace Daniel anamwalira ali ndi zaka 40 zokha. Kuyambira pamenepo mtolo wonse wa nyimbo za banja lao unatsala pa mutu pa Donald. Anapitiriza kuyenda, ndipo m'caka ca 1994 nyimbo za gulu lace zinatulutsidwa ku France pa mbale yochedwa Concert Kwela. Akakhala kumudzi ankaphunzitsa ana a m'mudzimo kugwira citoliro campendeko, ngakhale pa wailesi ya dziko lino dzina lace silinkamveka kwambiri monga la mkulu wace.

Ulendo wace wina waukulu unali wa m'caka ca 1999, pamene University ya California ku Los Angeles inamuitana kuti akaphunzitse. Kwa miyezi ingapo ophunzira a ku America anakhala pansi pa mphunzitsi wa ku Singano, kuphunzira kwela ndi makutu ndi zala, ndipo zimene anaimba pamodzi zinajambulidwa pa mbale. Comweco nyimbo zimene zinacoka ku America pa galamafoni, nkudzera ku Johannesburg, ku Salisbury ndi ku Chileka, zinabwerera kwao zitasintha nkhope, ndipo eni ace anayenera kuziphunzira kwa Mmalawi.

Atabwerera kumudzi sanakhalitse. Anamwalira pa 12 January 2001 asanakwanitse zaka 50. Anzace ndi anyamata amene iye anawaphunzitsa, monga Sinosi Mlendo amene anatenga citoliro, anapitiriza kuimba pansi pa dzina lakuti Donald Kachamba's Kwela Heritage Jazz Band, ndipo Kubik anakhalabe nao pa clarinet m'maulendo ao a ku Ulaya m'zaka zotsatira.