HARRY MWAANGA NKUMBULA

Masiku ano munthu wocokera ku Rufunsa akafika mu Lusaka alowa pa khomo la sitolo iri yonse, nasankha yekha cimene afuna. Makolo athu sanali kutero. Mmodzi wa iwo amene anatsegulitsa makomo amenewa ndiye Harry Mwaanga Nkumbula.

Anabadwa ca m'ma 1916 ku Maala, m'dziko la Aila, m'boma la Namwala. Anaphunzira pa sukulu ya Mishoni ya Methodist ku Kafue, nakhala mphunzitsi. Atatumizidwa ku Mufulira ndi ku Kitwe, anaona umphawi wa anchito a m'makomboni, ndi malipiro ao ocepa poyerekeza ndi a Azungu. Pamenepo anakhala mlembi wa bungwe la Kitwe African Society. M'caka ca 1946 anapita ku Makerere, ndi pambuyo pace ku London, kumene mu 1949 iye ndi Dr. Hastings Banda analemba kalata yokana Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland.

Tsono kuno kwathu timabungwe ta anthu akuda a m'matauni tinali titagwirizana, ndipo pa msonkhano wa mu Lusaka mu 1948 panabadwa Congress, mtsogoleri wace ndiye Godwin Mbikusita Lewanika. Nkumbula anabwera mu 1950, ndipo mu 1951 Congress inamsankha akhale pulezidenti. Mu 1953 anatentha pamaso pa khamu cikalata ca Boma conena za Citaganya, naitana anthu kuti aleke nchito masiku awiri ndi kupemphera. Ambiri a ku migodi sanatsate, ndipo Citaganya cinayamba caka comweco.

Congress siinafooke, koma inatembenukira ku cinthu cimene cinali kuwawa munthu ali yense tsiku ndi tsiku. M'masitolo ambiri ndi mogulitsira nyama munthu wakuda sanali kuloledwa kulowa. Anali kuima panja pa kazenera, dzuwa kapena mvula iri pamutu, nalandira nyama yokulungakulunga imene sanaione, ngakhale shileni yace inali yofanana ndi ya Mzungu. Mu 1954 Congress inauza anthu a mu Lusaka kuti aleke kugula nyama kufikira eni ace atawalola kulowa. Amai a m'makomboni anapirira kuphika ndiwo zamasamba, ena naima pafupi ndi masitolo kubweza ogula. Eni malonda anazindikira kuti cuma cao cinali kucokera m'matumba a anthu omwe anali kuwanyozawo. Mu 1956 kunyanyala kotere kunacitikanso mu Lusaka ndi ku migodi, ndipo mu 1960 Boma linaika lamulo loletsa tsankho m'mahotela ndi m'nyumba zodyera.

Nchito iyi inali ndi mtengo wace. Mu 1955 Nkumbula ndi mlembi wace Kenneth Kaunda anamangidwa miyezi iwiri cifukwa ca kupezeka ndi mabuku oletsedwa. Mu 1958 awiriwa anasiyana, pakuti anyamata anati mkuluyo ayenda pang'onopang'ono. Koma mu 1962, pamene cipani ca Citaganya cinafuna thandizo lace, iye anasankha kugwirizana ndi Kaunda, ndipo anapanga pamodzi boma loyamba lotsogozedwa ndi zipani za anthu akuda, iye nakhala nduna ya maphunziro. Ufulu utafika mu 1964 anatsogolera otsutsa boma, kufikira pa pangano la ku Choma la 1973, pamene analowa UNIP. Anamwalira pa 8 October 1983.

Nkumbula anali ndi zofooka zace, ndipo mpando waukulu sanaukhale. Koma anaphunzitsa osauka a m'makomboni kuti kandalama ka munthu mmodzi kalibe mau, koma anthu zikwi akakana pamodzi kugula, ngakhale mwini sitolo wouma mtima atsegula citseko.