Louis Brandeis, loya amene ankateteza zinsinsi za kasitomala intaneti isanabwere

Mukamagula katundu pa foni, pamabwera chikalata chachitali chofotokoza zimene kampani ichite ndi dzina lanu, nambala yanu ndi zithunzi zanu. Ambirife timangodina kuvomera, kuwerenga ayi. Mmodzi mwa anthu amene anayambitsa maganizo oti lamulo liziteteza zinsinsi zoterezi ndi Louis Brandeis, yemwe anamwalira kompyuta isanalowe m'nyumba ya munthu aliyense.

Brandeis anabadwa mu 1856 ku Louisville, m'chigawo cha Kentucky ku America. Makolo ake anali Ayuda ochokera ku Prague. Anamaliza maphunziro a zamalamulo ku Harvard mu 1877 ali ndi zaka 20 zokha, ndipo mu 1879 anatsegula ofesi ya maloya ku Boston ndi mnzake wa m'kalasi, Samuel Warren.

Chimene chinawadzutsa awiriwa chinali kamera. Kale munthu ukafuna chithunzi unkakhala duu kwa kanthawi, choncho palibe akanakujambula iwe osafuna. Koma makamera anayamba kujambula mwachangu, mu 1888 kunabwera Kodak yoti aliyense n'kuinyamula m'manja, ndipo nyuzipepala zamiseche zinali tcheru. Mu Disembala 1890 iwo analemba nkhani yotchedwa The Right to Privacy m'magazini ya Harvard Law Review. Mfundo yawo inali yoti lamulo linkateteza thupi la munthu, katundu wake ndi mbiri yake akanamiziridwa, koma linalibe chonena wina akaulutsa zoona za moyo wake wamseri.

Pa milandu imene anatchula, umene ukufanana kwambiri ndi malonda a pa intaneti ndi wa mayi wina wa ku England. Mayiyu anajambulitsa chithunzi, analipira, n'kupita kwawo. Kenako wojambulayo anayamba kugulitsa nkhope yake pa khadi la Khirisimasi. Khoti linamuletsa chifukwa anagwiritsa ntchito chithunzicho pa zimene sanagwirizane ndi kasitomala amene anamukhulupirira. Ndiye taganizirani wogulitsa pa WhatsApp amene mwamupatsa nambala kuti akubweretsereni nsapato, iye n'kuipereka kwa okongoza ndalama. Kusiyana kwake kuli pati?

Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti Brandeis sankakonda chinsinsi chilichonse ayi. Cha munthu wamba ankachiteteza, koma cha kampani yosunga ndalama za anthu ankafuna chiululike. Atafufuza makampani a inshuwalansi, anapeza kuti antchito osauka ankalipira ndalama zambiri, ndipo ochuluka ankataya zonse akalephera kupitiriza. Iye anakakamira mpaka mu 1907 boma la Massachusetts linalola mabanki osungitsa ndalama kugulitsa inshuwalansi yotsika mtengo. Mu 1914 anatulutsa buku lakuti Other People's Money, lodzudzula mabanki akuluakulu osewera ndi ndalama za eni kuseri. Milandu yambiri yomenyera anthu wamba ankaigwira osalandira malipiro.

Eetu, adani anawapeza. Pulezidenti Woodrow Wilson atamusankha mu 1916 kukhala woweruza m'khoti lalikulu la dzikolo, mkangano unatenga miyezi inayi asanamuvomereze. Anakhala Myuda woyamba pampandowo.

Mu 1928 kunabwera mlandu wa Roy Olmstead wa ku Seattle, yemwe ankagulitsa mowa nthawi imene unali woletsedwa ku America. Apolisi anamvetsera mafoni ake mobisa popanda chilolezo cha khoti. Oweruza asanu anati palibe cholakwika poti apolisiwo sanalowe m'nyumba mwake. Brandeis, mmodzi mwa anayi otsutsa, anachenjeza kuti tsiku lina boma lidzatha kuona mapepala obisika a munthu popanda kuwachotsa pomwe wawasunga. Masiku ano mapepalawo tikuyenda nawo m'thumba, komanso ali m'makompyuta a makampani amene sitinawaonepo. N'chifukwa chake nafenso kuno tinakhazikitsa lamulo loteteza uthenga wa anthu mu 2024, kuwonjezera pa gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino.

Brandeis anapuma ntchito mu 1939 ndipo anamwalira ku Washington mu Okutobala 1941. Khoti lomwe linakana mfundo yake lija linadzasintha maganizo mu 1967, pa mlandu wa Katz, patapita zaka 26 iye ali m'manda.