ERIC LIDDELL: MPHUNZITSI AMENE ADAKANA KUTHAMANGA LAMULUNGU

Anzanga amene tinkagonera limodzi pasukulu m'zaka za m'ma 1990 mukukumbukira kuti Loweruka madzulo tinkakankhira matebulo kukhoma m'holo yodyera kuti tiwonere vidiyo. Tsiku lina, m'malo mwa filimu ya nkhonya imene tinkayembekezera, aphunzitsi adatiyikira ina ya azungu othamanga m'mbali mwa nyanja atavala zoyera. Dzina lake ndi Chariots of Fire, ndipo idatuluka m'chaka cha 1981. Ambiri adang'ung'udza, ena adagona. Ine ndidatolapo chinthu chimodzi chokha, chakuti kudali munthu wina wa ku Scotland amene adakana kuthamanga Lamulungu koma adapambanabe. Kwa zaka zambiri ndinkayesa kuti mbiri yake yonse ndi yomweyo. Nditawerenga za moyo wake, ndili kale pantchito m'boma, ndidapeza kuti filimuyo idathera pamene nkhani yeniyeni idayambira. Tsono ndapempha akonzi kuti andipatseko malo ndikufotokozereni.

Eric Liddell adabadwa pa 16 Januwale 1902 mumzinda wa Tientsin, umene lero umalembedwa kuti Tianjin, m'dziko la China. Makolo ake adali amishoni a bungwe la London Missionary Society. Ali ndi zaka 6 adamusiya pamodzi ndi mkulu wake Robert pasukulu yogonera komweko ya ana a amishoni ku London, imene pambuyo pake idatchedwa Eltham College, ndipo makolowo adabwerera ku China. Ife tinkalira tikangotha milungu itatu osalandira kalata yochokera kumudzi. Anyamata awiriwa ankatha zaka zingapo osawona mayi awo.

M'chaka cha 1920 a Liddell adalowa Yunivesite ya Edinburgh kukaphunzira sayansi. Kumeneko liwiro lawo lidadziwika msanga. Adasewerera dziko la Scotland mpira wa rugby kasanu ndi kawiri, mu 1922 ndi 1923. Mu Julayi 1923, pampikisano wa ku Stoke-on-Trent, adagwetsedwa mpikisano wa mayadi 440 utangoyamba, koma adadzuka nawathamangira anzawo mpaka kuwapitirira onse, kenaka n'kukomoka atafika pamzere. Komatu chimene othamanga anzawo ankakumbukira kwambiri ndi zazing'ono. Masiku amenewo wothamanga aliyense ankadzikumbira yekha timayenje topondapo ponyamuka, ndipo a Liddell ankabwereka kakhasu kawo kwa anthu omwewo amene ati apikisane nawo. Mpikisano usanayambe ankayenda pamzere kupereka moni wa dzanja kwa aliyense.

Za ku Paris m'chaka cha 1924 sindichulukitsa, chifukwa n'zimene zimadziwika. Ndikonzepo chimodzi: filimu ija imawonetsa ngati adamva zakuti mipikisano yachipulula ya mamita 100 ikhala Lamulungu pamene ankakwera sitima, koma zoona n'zakuti adadziwa kudakali miyezi ingapo, ndipo adanena poyera kuti sathamanga. Ena adawanena kuti ataya dziko lawo. Iwo adangoyamba kukonzekera mamita 400, mtunda umene sudali wawo kwenikweni. Mamita 100 adapambana ndi Harold Abrahams. A Liddell adakhala achitatu pa mamita 200, ndipo pa 11 Julayi adatenga mendulo ya golide pa mamita 400 m'masekondi 47.6. Patapita masiku ochepa adalandira digiri yawo, ophunzira anzawo atawanyamula m'mwamba m'misewu ya Edinburgh.

Chaka chotsatira, ali ndi zaka 23 ndipo dzina lawo lili pakamwa pa aliyense, adabwerera ku Tientsin kukagwira choko pasukulu ya Anglo-Chinese College. Ankaphunzitsa sayansi ndi kuyang'anira zamasewero. Adadzozedwa ubusa mu 1932, ndipo mu 1934 adakwatira Florence Mackenzie, namwino, mwana wa amishoni a ku Canada. Mu 1937, chaka chimene nkhondo ya Japan ndi China idakula, adawatumiza ku Siaochang, kumidzi yaumphawi kumene mkulu wawo Robert adali dokotala pachipatala cha mishoni. Kumeneko ankayenda pa njinga kudutsa malo a asilikali a mbali zonse. Ulendo wina adapita ndi ngolo kukatenga munthu wovulala amene adagona masiku angapo m'kachisi, anthu akuopa kumugwira chifukwa cha asilikali a Japan. Pobwerera adanyamulanso wina amene adatemedwa ndi lupanga pakhosi nasiyidwa ngati wakufa. Woyambayo adamwalira, wachiwiriyo adachira.

Zinthu zitafika poipa mu 1941, adakweza sitima mayi Liddell, amene adali oyembekezera, pamodzi ndi ana awo awiri, Patricia ndi Heather, kuti apite ku Canada. Iwo adatsala. Mwana wachitatu, Maureen, adabadwira ku Canada, ndipo bambo ake sadamuwonepo. Apa ndiyenera kunena maganizo anga monga kholo. Sindikutha kuyamikira chosankha chimenechi ndi mtima wonse, pakuti mtengo wake adalipira ndi mayi ndi ana atatu amene sadafunsidwe monga momwe dziko lidafunsidwira za ku Paris. Ndikulemba izi kuti tisawasandutse mngelo.

Mu Malichi 1943 asilikali a Japan adasonkhanitsa anthu a m'mayiko odana nawo n'kuwatsekera ku Weihsien, m'chigawo cha Shandong, pamalo amene kale adali mishoni ya Apresibateriyani a ku America. Mudali anthu oposa 1,500 m'kampanda kakang'ono: amalonda olemera, ansembe, masisiteri, aphunzitsi, oyimba m'mabala, zidakwa, nkhalamba ndi makanda. Mudalinso ana ambiri a sukulu ya Chefoo amene makolo awo adali kutali. Chakudya chidali chochepa, zimbudzi zosefukira, ndipo anthu amene kunja adali aulemu wawo adayamba kukanganirana malo ogona ndi kuberana malasha.

Apa m'pamene ndikufuna kuti tikhalitsepo, chifukwa munalibe bwalo lamasewero, munalibe atolankhani, munalibe wowomba m'manja. A Liddell ankadzuka m'bandakucha, n'kuyatsa kanyali ka mafuta a mtedza, n'kuwerenga Baibulo ndi kupemphera motsitsa mawu kuti asadzutse anzawo. Kukacha ankatungira madzi ndi kunyamulira malasha odwala ndi okalamba. Adapatsidwa udindo woyang'anira nyumba zina pa nthawi yowerenga akaidi. Ankaphunzitsa ana masamu ndi sayansi, ndipo popeza munalibe mabuku, adalemba pamanja buku lonse la Chemistry kuchokera m'mutu, kujambula ndi zipangizo zomwe zimene anawo sakadatha kuzigwira. Madzulo ankakhala ndi achinyamata kuwaphunzitsa masewero a chess ndi magule, kuti asalowerere m'zoipa. Ndodo zosewerera mpira wa hockey zikathyoka ankang'amba nsalu zawo zofunda ndi makatani n'kumangira, akumata ndi ulimbo wonunkha. Ana onse ankawatchula kuti amalume. Ankagogoda pachitseko chawo kawirikawiri kotero kuti mnzawo wa m'chipinda adapachika kachikwangwani kosonyeza ngati alimo kapena atuluka.

M'kampumo mudali mayi wina wa ku Russia amene ankadziwika kuti adali woyendayenda, ndipo amayi anzake ankamupewa. A Liddell adapita kukamukhomerera mashelefu m'chipinda chake. Mayiyo pambuyo pake adafotokoza kuti aka kadali koyamba kuti mwamuna amuchitire kanthu osafuna malipiro a mtundu uliwonse.

Koma nkhani imene idandigwira kwambiri ndi ya Lamulungu. Achinyamata adawapempha kuti aziwayimbira mpira wa hockey pa tsikuli, ndipo iwo adakana monga momwe adakanira ku Paris. Anawo adasewera okha, ndipo masewerowo adathera m'ndewu. Lamulungu lotsatira a Liddell adapezeka pabwalo akuyimbira. Munthu amene sadalole kuthyola lamulo lake chifukwa cha mendulo ndi ulemu wa dziko adalithyola chifukwa cha ana otsekeredwa amene ankamenyana. Sadasinthe chikhulupiriro, adangodziwa kuti lamulolo adalisungira Mulungu, osati mbiri yawo.

Ndikawerenga pamenepa ndimachita manyazi, ndipo ndikuuzani chifukwa chake. Ine ndine mmodzi mwa anthu amene kuofesi amadziwika kuti Lamulungu sagwira ntchito, ndipo ndakhala ndikunyadira zimenezi. Koma Lolemba lina, zaka zingapo zapitazo, bambo wina wokalamba amene adapuma pantchito adabwera kudzalondola fayilo yake. Ndidamuuza kuti adikire pabenchi. Ndidalowa mumsonkhano, ndidapita kunkhomaliro, ndipo nditabwerera cha m'ma 3 koloko ndidamupeza pomwepo, chipewa chili pabondo. Fayiloyo idali patebulo langa tsiku lonse, ndipo idangofuna siginecha. Bamboyo adandithokoza ndi manja awiri, nathamangira basi imene ndikukhulupirira kuti sadayipeze. Dzulo lake ndidali nditawerenga mawu m'tchalitchi. Bungwe lathu likamatituma kukayankhula ndi ana a Fomu 4 monga zitsanzo, timatchula madigiri ndi magiredi athu. Za pabenchi paja sindidatchulepo.

A Liddell ankaphunzitsanso achinyamata m'kampumo kuti azipempherera asilikali a Japan amene ankawalondera, zimene ambiri zinkawavuta kumva. Mmodzi mwa anyamata amene adamva zimenezi adali Stephen Metcalf. Nyengo yozizira itafika, nsapato za mnyamatayu zitatheratu, a Liddell adamupatsa nsapato zawo zothamangira, zomangidwamangidwa ndi zingwe. Nkhondo itatha Metcalf adapita ku Japan kumene adagwira ntchito yaumishoni zaka zambiri.

Chakumapeto kwa 1944 anthu adayamba kuwona kuti a Liddell akuyenda pang'onopang'ono ndipo nthabwala zawo zachepa. Mutu unkawapweteka koopsa ndipo ankaiwalaiwala. Madokotala a m'kampumo, amene analibe zipangizo, ankaganiza kuti n'kutopa ndi kuperewera kwa chakudya, ndipo iwo eni ankadziimba mlandu kuti akulephera kupirira monga Mkhristu. Chidali chotupa cha muubongo. Adamwalira pa 21 Febuluwale 1945 ali ndi zaka 43, tsiku lomwe adalembera mkazi wawo kalata yomaliza. Metcalf adali mmodzi mwa onyamula bokosi. Pa 17 Ogasiti chaka chomwecho asilikali a ku America adatsika ndi mapalachuti n'kumasula kampuyo.

M'chaka cha 1991 Yunivesite ya Edinburgh idaimika mwala wachikumbutso pamalopo, mumzinda umene tsopano umatchedwa Weifang. Mwalawo adakausema pachilumba cha Mull ku Scotland n'kuwutumiza ku China.