Antonie van Leeuwenhoek, Wogulitsa Nsaru Amene Anaona Zosaoneka

Antonie van Leeuwenhoek anabadwa m'caka ca 1632 mu mzinda wa Delft, m'dziko la Holland. Atate wace anali woluka madengu, ndipo anamwalira mwanayo akali wamng'ono. Antonie sanafike ku sukulu zapamwamba, ndiponso sanadziwe Cilatini, cinenero cimene anthu ophunzira a masiku aja analembamo mabuku ao. Ali ndi zaka 16 anamka ku Amsterdam kukaphunzira malonda a nsaru, ndipo pambuyo pace anabwerera kwao natsegula sitoro yaceyace.

Ogulitsa nsaru anali kupenya ulusi ndi galasi lokuza zinthu, kuti adziwe ngati nsaru iri yolimba. Antonie anayamba kudzipangira magalasi otere, ena ang'ono ngati njere ya mawere, koma okuza cinthu koposa nthawi 200.

M'caka ca 1674 anatunga madzi m'nyanja yaing'ono pafupi ndi Delft, naika dontho limodzi patsogolo pa galasi lace. Anazizwa kwambiri poona tizirombo tosawerengeka tikusambira m'menemo. Anapenyanso mwazi wace, napeza kuti uli wodzala ndi timibulu tofiira. M'caka ca 1676 anaona tizirombo tina tating'ono koposa, timene lero ticedwa mabakiteriya.

Nzeru yace yaikuru inali iyi: sanakhutire ndi kuona kokha, koma anayesa ukulu wa zonse. Popeza analibe rula yoyenera, analinganiza tinthuto ndi tsitsi ndi mcenga. Anapeza kuti tina, tingakhale 100 titandandalika, sitikanafika utali wa kanjere kamodzi ka mcenga.

Pamene analembera zimenezi akatswiri a bungwe la Royal Society ku London, ambiri anakayika. Kodi wogulitsa nsaru angaone cimene ophunzira sanacione? Antonie sanapse mtima. Anaitana abusa a mpingo ndi anthu ena omveka kuti adzionere okha ndi kucitira umboni. M'caka ca 1677 katswiri wina, dzina lace Robert Hooke, anationa nayenso, ndipo mu 1680 Antonie analandiridwa m'bungwe lija.

Hooke yemweyo ndiye anapereka dzina la selo, ndiko kunena kacipinda, m'caka ca 1665. Koma panapita zaka zoposa 170 anthu asanazindikire kuti camoyo ciri conse, mtengo, nyama kapena munthu, cimangidwa ndi maselo monga nyumba imangidwa ndi njerwa. Njerwa za nyumba zilingana, koma maselo asiyana kutari. Mabakiteriya ena ali 1,000 pa milimita imodzi. Maselo ofiira a m'mwazi ali ngati 130 pa milimita yomweyo. Cacikasu ca m'dzira la nkhuku ndico selo limodzi, looneka ndi maso. Nyamalikiti wa ku cigwa ca Luangwa ali ndi maselo otenga mauthenga m'thupi, oonda koposa ulusi, koma otalika mamita angapo.

Antonie sanadziwe kuti tizirombo tina tidwalitsa anthu. Ena amene anatsata mapazi ace ndiwo anapeza ici, ndipo m'caka ca 1880 kacirombo ka malungo kanaoneka m'mwazi wa wodwala. Kacirombo kameneka kakhala m'kati mwa selo lofiira, komabe katha kupha munthu wamphamvu. Cifukwa cace ku cipatala ca Chipata ndi ca Katete apenya dontho la mwazi ndi maikulosikopu, kuti adziwe mankhwala oyenera.

Antonie anapitiriza nchito yace kufikira ukalamba, namwalira ku Delft m'caka ca 1723, ali ndi zaka 90.

MAFUNSO
1. Kodi Antonie anagwira nchito yanji asanayambe kupanga magalasi?
2. Anayesa bwanji ukulu wa tizirombo timene anaona?
3. Anacitanji pamene akatswiri anakayika mau ace?
4. Chulani selo limodzi looneka ndi maso, ndi lina losaoneka.