Madge Syers adatsegulira amayi khomo pamasewero a pa madzi oundana

M'chaka cha 1902, anthu okonza mpikisano wa dziko lonse wa masewero otsetsereka pa madzi oundana mumzinda wa London ku England adadzidzimuka ataona dzina la mzimayi pamndandanda wa opikisana. Malamulo sankaletsa amayi, poti palibe adaganizapo kuti mzimayi angayerekeze kulowa nawo. Mzimayiyo adali Madge Syers, wa zaka 20.

Pamasewerowa munthu amavala nsapato zokhala ndi chitsulo chonga mpeni kunsi kwake. Masiku amenewo opikisana ankazungulira pa madzi oundanawo n'kumajambula mizere ndi chitsulocho, oweruza n'kumapereka mapointi.

Madge adabadwira ku London pa 16 September 1881 m'banja la ana 15, ndipo dzina lake lenileni lidali Florence Madeline Cave. Mu 1900 adakwatiwa ndi Edgar Syers, katswiri wa masewerowa yemwenso adali mphunzitsi wake. Edgar ndiye adamuphunzitsa kusewera momasuka monga ankachitira a maiko ena, kusiyana ndi Angelezi omwe ankaumitsa thupi.

Pampikisano wa 1902 uja, Madge adakhala wachiwiri, ndipo yemwe adamuposa ndi Ulrich Salchow wa ku Sweden yekha. Izi zidasowetsa mtendere akuluakulu a bungwe la International Skating Union, moti mu 1903 adaletsa amayi kupikisana ndi abambo. Chimodzi mwa zifukwa zawo chidali chakuti madiresi ataliatali amatchinga oweruza kuona mapazi. Madge adayankha pofupikitsa siketi yake kuti izilekeza m'katumba.

Kwawo ku Britain kudalibe chiletso chotere, choncho adapambana mpikisano wa dzikolo mu 1903 ndi 1904. Ulendo wachiwiriwo adagonjetsa ngakhale mwamuna wake yemwe, amene adakhala wachiwiri.

Litaona kuti amayi sakubwerera m'mbuyo, bungwe lija lidawakhazikitsira mpikisano wawowawo. Madge adapambana woyamba ku Davos m'dziko la Switzerland mu 1906, n'kubwerezanso ku Vienna m'dziko la Austria mu 1907.

Masewerowa ataloledwa koyamba pampikisano wa Olimpiki ku London mu 1908, Madge adatenga mendulo ya golide kumbali ya amayi. Iye ndi Edgar adakhalanso achitatu pampikisano wa awiriawiri.

Pasadapite nthawi adasiya kupikisana chifukwa thupi lidayamba kufooka. Adamwalira ndi nthenda ya mtima ku Weybridge pa 9 September 1917, patangotsala sabata imodzi kuti akwanitse zaka 36.

Mu 1981 dzina lake lidalembedwa m'gulu la akatswiri olemekezeka a masewerowa padziko lonse. Mpikisano wa amayi womwe adaupambana koyamba ku Davos uja ukuchitikabe mpaka lero.